Zimene Aphunzitsi a ku Yunivesite Adadzafuna ku Machinga ndi Balaka

Tsiku lina, nthawi ya phunziro lomaliza, mnyamata wa Folomu 4 pa sukulu ina ya m'boma la Machinga adandifunsa funso limene lidandisowetsa pogwira. Iye adati, "Aphunzitsi, kodi pulofesa amagwira ntchito yanji imene inu simuigwira?" Anzake adaseka, inenso ndidaseka nawo, kenaka ndidangoti pulofesa amaphunzitsa anthu akuluakulu. Nditafika kunyumba ndidazindikira kuti ndamunamiza mwana wa eni. Kuphunzitsa ndi theka chabe la ntchito ya munthu ameneyu. Theka linalo ndi kufufuza zinthu zimene sizidalembedwe m'buku lililonse, ndipo zambiri mwa zinthu zoterezi zakhala zikufufuzidwa kuno komwe, m'midzi imene ana athu amaiyesa yotsalira.

Tiyambe ndi njira imene munthu amadzera kuti afike pa udindowu, pakuti ana ambiri saidziwa. Akakhoza bwino mayeso a Folomu 4 amakaphunzira zaka zinayi kapena kuposerapo kuti apate digiri yoyamba. Amene wapambana anzake nthawi zina amasungidwa pomwepo kuti azithandiza aphunzitsi ake. Kenaka amakatenga digiri yachiwiri, pambuyo pake yachitatu, imene imampatsa dzina la udokotala ngakhale sadziwa kubaya jekeseni. Digiri yachitatuyi saipata poloweza zolemba za ena, koma posankha funso limodzi ndi kulilondola zaka zitatu kapena zinayi mpaka atapeza yankho limene akatswiri anzake angalivomereze. Kuchokera apo kukwera pa ntchito kumadalira kwambiri zimene wafufuza ndi kusindikiza. Nchifukwa chake mumawaona anthu amenewa ali m'matope mpaka m'mawondo kapena atakhala pamphasa kwa nyakwawa, kope lili m'manja.

Mmodzi mwa oyamba kukhala pamphasa yotere adali J. Clyde Mitchell, wa ku South Africa, amene pakati pa 1946 ndi 1949 adayendera midzi ya Ayao m'dera lino, kuphatikizapo ya mafumu Kawinga ndi Liwonde. Adawerenga nyumba, nalemba mibadwo ya mabanja, nafunsa chifukwa chimene mudzi umagawikira. Adaona kuti tsinde la mudzi ndi mbumba, ndiye kuti alongo amene ali pansi pa mlongo wawo wamwamuna, ndi kuti mbumba ikakula mwini wake amafuna kukamanga mudzi wakewake. Buku lake, The Yao Village, lidatuluka mu 1956, ndipo iye adadzakhala pulofesa ku Salisbury, kenaka ku Manchester. Agogo athu akadamva zimene adalembazo akadati, "Nanga chachilendo nchiyani pamenepa?" Komatu iwo sadazilembe, iye adazilemba.

Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965, ntchito yotere idayamba kulowa m'manja mwa ana a dziko lino. M'zaka za m'ma 1970 a chigawo cha mbiri yakale ku Chancellor College, mmodzi mwa iwo a Kings Phiri, ankatumiza ophunzira awo kukafunsa nkhalamba za kubwera kwa Ayao, za nkhondo zawo ndi Amang'anja, ndi za malonda a minyanga ndi akapolo. Nkhalamba zimenezo zidapita kale kuli chete, koma mawu awo adatsala pa mapepala. A za zinenero nawonso adadzera momwemo. A Jack Mapanje, amene ambiri amawadziwa chifukwa cha ndakatulo ndi ukaidi wawo wa 1987 mpaka 1991, digiri yawo ya udokotala ku London adaipata pofufuza mmene aneni amasonyezera nthawi m'Chiyao, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mwana amene amachita manyazi kulankhula Chiyao pa bwalo la sukulu muuzeni zimenezi.

Koma kafukufuku amene adasonkhanitsa akatswiri ambiri pamodzi ndi wa nyanja ya Chilwa, imene gombe lake la kumpoto lili m'boma la Machinga. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo. Madzi amalowa kuchokera m'mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe, ndipo amachoka ndi dzuwa basi. Ndi yosaya kwambiri, kotero kuti mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana gombe limathawa. Mu 1966 Pulofesa Margaret Kalk, amene ankaphunzitsa za zamoyo, adatsogolera gulu la aphunzitsi anzake kuyamba kuyeza nyanjayi. Nthawi imeneyo Chancellor College idali isanasamukire ku Zomba, kumene idapita mu 1973, choncho ankayenda ulendo wochokera ku Blantyre. Adali atangoyamba kumene ntchito pamene mu 1968 nyanja idaphwa, pansi pake nkung'ambika ming'alu.

Kwa asodzi limeneli lidali tsoka. Kwa ofufuza udali mwayi umene sadaupemphe, chifukwa adatha kuona ndi maso momwe nyanja imafera ndi momwe imaukira. Wina ankayeza mchere wa m'madzi, wina tizilombo ta m'matope, wina njedza za m'madambo, wina nsomba, pamene a za malo ndi chikhalidwe cha anthu, monga mayi Swanzie Agnew, ankayang'ana anthu okhala m'chigwachi. Adapeza kuti nsomba zitatu zimene zimadyetsa anthu, matemba, makumba ndi milamba, sizitheratu nyanja ikaphwa. Zimabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo madzi akabwerera zimaswana mwamsanga mpaka usodzi kuyambiranso patapita zaka zochepa. Zonsezi zidalembedwa m'buku lalikulu la 1979 limene adalikonza a Kalk, A. J. McLachlan ndi C. Howard-Williams.

Wina angafunse kuti, kodi msodzi wa ku Mposa adapindulanji ndi buku limene sadzaliona? Adapindula, ngakhale mochedwa. Nyanja itaphwanso mu 1995 zidali zodziwika kale kuti mbewu ya nsomba ili m'maiwe aja, ndi kuti wothira katupe mmenemo akupha nyanja ya mawa. Mafumu ndi alangizi a za nsomba adali ndi pogwira poletsa mchitidwewo. Kenaka Chilwa idalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Ndipo pamene ntchito yothandiza anthu a m'chigwachi kupirira kusintha kwa nyengo idayamba mu 2010 m'maboma a Machinga, Zomba ndi Phalombe, mmodzi mwa oitsogolera adali Mmalawi, Pulofesa Sosten Chiotha, amene pa unyamata wawo adafufuza za nsomba zodya nkhono zofalitsa likodzo. Taonani mmene njira ya munthu imakhotera: adayamba ndi nkhono, nkudzafika pa mitengo, mvula ndi amayi oumitsa matemba m'mahema a dzuwa. Nyanja idaphwanso mu 2018.

Tiwoloke Shire tsopano tipite ku Balaka, kumene kudali mbali ya Machinga mpaka 1998. Chaka chomwecho Pulofesa Susan Watkins wa ku University of Pennsylvania ndi anzake adayamba kufunsa mabanja a ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi za kulera ndi za Edzi, ndipo ankabwerera kwa mabanja omwewo pakapita zaka zingapo. Mmodzi mwa Amalawi amene adagwira nawo ntchitoyi ndi Dr Eliya Zulu, amene adaphunzira ku Chancellor College asanakatenge udokotala wa za chiwerengero cha anthu ku Pennsylvania, ndipo pambuyo pake adayambitsa bungwe la AFIDEP.

Gawo la nkhaniyi limene ndikufuna kuti otsiriza sukulu alimvetse ndi ili. Mayi Watkins adaona kuti munthu akafunsidwa ndi mlendo wonyamula pepala amayankha zimene akuganiza kuti mlendoyo akufuna kumva. Tonsefe timatero. Tsono kuyambira 1999 adapempha anyamata ndi atsikana ena a m'midzi momwemo, ambiri mwa iwo otsiriza Folomu 4 amene adalibe ntchito, kuti azingomvetsera zimene anthu akukamba za matendawa pa mjigo, pa maliro, pa bawo ndi m'basi, kenaka madzulo azilemba m'makope wamba a ana a sukulu. Mayina a anthu ankasinthidwa. Makopewo adakwana mazana ambiri, ndipo adagwetsa chikhulupiriro chimene akatswiri a kunja adali nacho, chakuti anthu a kumudzi sakamba za Edzi kapena akukana kuti iliko. Zoona zake zidali zakuti ankaikamba tsiku ndi tsiku, kulangizana, kunyozana, kuwerengera amene adayenda ndi malemu, mwinanso kuopa kuposa muyeso, pakuti ambiri ankadziyesa odwala pamene kachilombo adalibe.

Mu 2004 gulu lomweli lidayeza magazi a amene adalola. Wophunzira wina wa za chuma, Rebecca Thornton, adafuna kudziwa chimene chimaletsa anthu kukamva zotsatira. Adapeza kuti popanda kanthu, anthu 34 okha pa 100 alionse ndiwo adapita kukamva, koma kandalama kochepa kwambiri kadachulukitsa chiwerengerocho kawiri. Ngati mantha adatha ndi kandalama kotero, ndiye kuti sadali akulu monga ankanenera. Mtunda ndi kuzengereza zidali ndi gawo lake.

Mu 2009 padabwera kafukufuku wina wotchedwa Tsogolo la Thanzi, wotsogoleredwa ndi Jenny Trinitapoli ndi Sara Yeatman, amene adatsata atsikana ndi amayi pafupifupi 1,500 a zaka 15 mpaka 25 okhala mozungulira tauni ya Balaka, pamodzi ndi anyamata mazana angapo, nkumawafunsa miyezi inayi iliyonse. Njira imodzi imene ankagwiritsa ntchito imandisangalatsa monga mphunzitsi wa masamu. Wofunsidwa ankapatsidwa nyemba 10, nkuuzidwa kuti aike m'mbale nyemba zolingana ndi mmene akukhulupirira kuti chinthu chichitika: zonse 10 ngati sakukayika, osaika ngakhale imodzi ngati nzosatheka. Mayi amene sadaonepo khomo la sekondale ankatha kuonetsa ndi nyemba phunziro lomwe ife timatuluka nalo thukuta pa bolodi.

Za malungo ndingonenapo mwachidule. Udzudzu utayamba kupirira mankhwala opaka m'masikito, ena adati masikito atha ntchito. Pulofesa Don Mathanga wa ku Malaria Alert Centre, nthambi ya sukulu ya madokotala ku Blantyre, ndi anzake adatsata ana a m'midzi yozungulira Liwonde mu 2012 ndi 2013, napeza kuti ogona m'masikito ankadwalabe mocheperapo, pafupifupi ndi 30 pa 100. Katemera wa malungo atayamba kuperekedwa mu April 2019, Malawi ali woyamba mwa maiko atatu pamodzi ndi Ghana ndi Kenya, Machinga ndi Balaka adali mwa maboma 11 oyambirira. Zimene zidapezeka m'maiko atatuwa ndizo zidachititsa bungwe la za umoyo pa dziko lonse kuvomereza katemerayu mu 2021.

Mwaona nokha kuti mayina ambiri m'nkhani ino ndi achilendo. Sindikuwadandaula alendowa, akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ena a iwo adakhala nafe zaka zambiri mokhulupirika. Chondiwawa nchakuti mwana wa ku Ulongwe kapena ku Ntaja kawirikawiri amathera pa kunyamula pepala la mafunso ndi kutanthauzira. Iye ndiye amadziwa chifukwa chimene mayi uja adayankhira mozungulira, iye ndiye adalemba kope, koma funso adalisankha ndi wina, ndipo ndalama za ntchito zikatha amabwerera ku kabaza. Chinanso nchakuti zopezekazo zimalembedwa m'Chingerezi chovuta, m'mabuku okwera mtengo, ndipo sizibwerera kawirikawiri kwa nyakwawa amene adayala mphasa. Pamenepa aphunzitsi a ku yunivesite athu ali ndi ngongole.

Nafenso a m'masekondale tili ndi yathu. Mwana wochenjera timamuuza za udokotala, uloya ndi kuwerengera ndalama, ngati kuti ntchito zidathera pomwepo. Amene amakonda kufunsa agogo ake za kale, kapena amene amatola miyala pobwera ku sukulu, timamuyesa wosewera. Chikhalirecho makomo achuluka kuposa kale: Bunda idaima payokha nkukhala LUANAR, ku Thyolo kuli MUST, ku Mzuzu kuli yunivesite, ndipo mu 2021 Polytechnic idasanduka MUBAS pamene sukulu za madokotala ndi anamwino zidaphatikizana kukhala KUHeS.

Wotola miyala uja ndiye ndikumuganizira kwambiri masiku ano. Kum'mwera kwa tauni ya Balaka kuli phiri la Kangankunde, limene akatswiri a miyala a boma, monga M. S. Garson, adalifotokoza kale m'zaka za m'ma 1960. Muli miyala ya mtundu wosowa imene amapangira maginito a magalimoto oyendera magetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo, ndipo mu 2022 kampani ya ku Australia, Lindian, idachita pangano logula mgodiwu. Padzafunika woyeza miyala, woyeza madzi a m'zitsime zozungulira, woyeza fumbi limene ana akupuma, ndi wodziwa malamulo a malo amene angakhale pansi ndi osamutsidwa nkulankhula nawo m'chinenero chawo. Mwana amene ali Folomu 1 chaka chino, akayenda bwino osabwereza kalasi, adzakhala ndi digiri yoyamba pakatha zaka 8.