Kupuma kwa Munthu Wothyoka Khosi: Zimene Nyama Zatiphunzitsa

 Madzulo ano ndifuna kuti tikambirane za chinthu chimene tonse tichita usana ndi usiku osachiganizira, ndicho kupuma. Munthu wamkulu akakhala phee apuma ka 12 kufikira ka 20 pa mphindi imodzi, ndipo pa tsiku lathunthu apuma ngati ka 20,000. Koma alipo anzathu amene ntchito yopepukayi yawakanika. Munthu akagwa mu mtengo, kapena akagubuduzika ndi galimoto nathyoka khosi, chimene chimtenga kawirikawiri ndicho kulephera kupuma, pamodzi ndi matenda a m'chifuwa, monga chibayo, amene atsata pambuyo pake.

Tiyambe taona m'mene thupi lipumira. Pansi pa mapapo pali mnofu wopyapyala wotambalala, umene ulekanitsa chifuwa ndi mimba. Aliyense amene anatumbulapo mbuzi anauona. Madokotala autcha diaphragm. Mnofu umenewu ugwira ntchito monga mvukuto wa wosula: ukatsika mpweya ulowa m'mapapo, ukabwerera mpweya utuluka. Koma mvukuto sudzivukuta wokha. Lamulo lichokera pa tsinde la ubongo, chakunkhongo, nitsika ndi chingwe choyera chofewa chimene chidutsa m'kati mwa mafupa a msana. Pa khosi pali mafupa 7, ndipo pa chigawo cha 3, cha 4 ndi cha 5 cha chingwecho patuluka mitsempha iwiri, wina kumanja, wina kumanzere. Mtsempha uliwonse utsikira ku diaphragm nuyendetsa theka lake.

Tsono chingwe chija chikaphwanyika pamwamba pa malo amenewa, ubongo upitirizabe kutumiza mau, koma mauwo safika, monga muja ichitira lamya waya ukaduka pa njira. Mapapo ali bwino, mnofu uli bwino, koma palibe wouuza kuti ugwire ntchito. Munthu wotere akhala ndi moyo pokhapokha makina atamponyera mpweya m'chifuwa. Choipanso n'chakuti chingwe cha msana sichilumikizika chokha monga muja uchitira mtsempha wa pa chala.

Zinthu izi sitingazifufuze pa munthu wamoyo, ndipo n'chifukwa chake anthu anzeru atembenukira ku nyama. Kalekale, zaka zoposa 1,800 zapitazo, sing'anga wa ku Pergamon dzina lake Galen anali kudula chingwe cha msana cha nkhumba pa malo osiyanasiyana, naona kuti akadula pamwamba penipeni pa khosi kupuma kulekeratu. Masiku ano ntchito yotere ichitika nyama itagonetsedwa ndi mankhwala, ndipo m'maiko ambiri muli malamulo oiyang'anira.

Chodabwitsa chachikulu chinaoneka m'chaka cha 1895. William Townsend Porter wa ku Harvard, ku America, anadula theka la chingwe cha pa khosi mwa agalu ndi akalulu, ndipo theka la diaphragm la mbali imeneyo linaima. Kenaka anadulanso mtsempha wa mbali yamoyo ija, kotero kuti nyama inalibe chopumira china. Koma taonani, theka lija linaimali linayambanso kugwira ntchito! Tanthauzo lake ndi ili: pali tinjira tina timene tichokera ku mbali yosadulidwa, nitiolokera ku mbali yodulidwa kunsi kwa bala. Masiku onse tinjirati tikhala chete, monga njira yakale ya kudimba imene yawirira. Koma mpweya ukachepa m'thupi, ubongo ufuula kolimba, ndipo mau ake apyola m'tinjira timeneti.

Funso linabadwa pamenepo: kodi tinjirati tingathe kudzutsidwa popanda kutsamwitsa nyama? Harry Goshgarian wa ku Wayne State University, mu mzinda wa Detroit, anatha zaka zambiri akufufuza zimenezi pa makoswe. Iye ndi anzake anapeza kuti mankhwala otchedwa theophylline, amene kale anali kupatsidwa kwa odwala mphumu, atha kudzutsa theka lopuwala la diaphragm ya khoswe.

Gordon Mitchell, amene anagwira ntchito ku Wisconsin ndi pambuyo pake ku Florida, anatsata njira ina. Mu mpweya umene tipuma, magawo 21 pa 100 ndiwo okosijeni. Iye anali kuika makoswe mu mpweya umene okosijeni wake wachepetsedwa pafupifupi ndi theka, kwa mphindi zowerengeka, nawabwezera ku mpweya wabwino, nabwerezanso kangapo. Kusinthanasinthana kotere kuchititsa ubongo kutulutsa chinthu chotchedwa serotonin, chimene chilimbitsa mfundo zolumikiza mitsempha ya kupuma. M'chaka cha 2005 anaonetsa kuti njira iyi ilimbitsa tinjira toolokera tija mwa makoswe odulidwa theka la chingwe. Yayesedwanso pa anthu owerengeka m'zipatala, madokotala ali pomwepo. Sichinthu choyesa kunyumba ai, pakuti kumana munthu mpweya kupha.

Vuto lina ndilo chipsera. Pa malo a bala thupi liunjika zinthu zonanda zimene zizinga mitsempha monga ukonde, ndi kuiletsa kuphuka nthambi. Kuli mankhwala otchedwa chondroitinase, otengedwa ku tizilombo tosaoneka ndi maso, amene asungunula ukondewo. M'chaka cha 2011, gulu la Jerry Silver ku Case Western Reserve University, mu mzinda wa Cleveland, linatenga kachidutswa ka mtsempha pa mwendo wa khoswe, nikaika ngati ulalo wolambalala bala la pa khosi, nithira mankhwalawa. Patapita miyezi ngati 3, mitsempha inali itamera kupyola pa ulalo, ndipo theka lopuwala linapezanso mphamvu zambiri. Atadula ulalowo mphamvuzo zinatha, ndipo apa anadziwa kuti mau anali kudzera pamenepo ndithu.

Koma nanga iwo amene anavulala kale? M'chaka cha 2018, Philippa Warren, wa m'gulu lomwelo, anabaya mankhwala aja mwa makoswe amene theka la diaphragm lao linakhala lopuwala kufikira chaka chimodzi ndi theka, ndiyo nthawi yaitali zedi pa moyo wa khoswe, amene akhala zaka 2 kapena 3 zokha. Theka lija linayambanso kupuma. Apa tiphunzira kuti tinjira tija sitifa msanga, tingodikira wotilambulira.

Tsono ndisakunyengeni, omvera anga. Khoswe si munthu. Bala la khoswe lidulidwa bwino ndi mpeni wa dokotala, mbali imodzi yokha, pamene khosi la munthu wa pa ngozi liphwanyika mbali zonse ziwiri. Chondroitinase ataya mphamvu msanga m'kutentha kwa thupi, ndipo kufikira lero sanaloledwe kukhala mankhwala a anthu ovulala chingwe cha msana. Ndiponso mwa makoswe ena amene analandira mankhwalawa pamodzi ndi mpweya wochepa uja, mnofu unakungika mopitirira muyeso m'malo mwa kupuma mwadongosolo. Anati akuluakulu, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngakhale ziri choncho, zipatso zina zafika kale kwa anthu. Christopher Reeve, amene anatchuka ndi mafilimu a Superman, anagwa pa kavalo m'chaka cha 1995 nathyoka pamwamba pa khosi. M'chaka cha 2003, ku Cleveland komweko, madokotala anamuika timawaya pa diaphragm, timene tinali kuugwedeza mnofuwo ndi mphamvu ya magetsi, ndipo anatha kukhala maora angapo popanda makina omponyera mpweya. Njira imeneyi inayamba yayesedwa pa agalu.

Potsiriza, pali phunziro la ife tonse. Anthu ambiri othyoka khosi chingwe chao sichiduka chonse. Tinjira tina titsala, ndipo chiyembekezo chonse cha akatswiri aja chagona pa tinjira totsalato. Chotero mukapeza munthu wagwa, akudandaula khosi, kapena manja ndi miyendo yachita dzanzi, musamkhazike tsonga, musampinde, musambereke kumsana. Mmodzi agwire mutu kuti ukhale molunjika ndi thupi, ena amgoneke pa chitseko kapena pa thabwa, onse kunyamulira pamodzi, ndipo apite naye ku chipatala msanga. Manja anu atha kusunga chimene madokotala sangathe kubwezera.