Chiphamaso pa Wailesi ya Kanema

Pali mchitidwe wina umene okonza masewero a pa wailesi ya kanema akhala nawo kwa zaka zambiri. Anthu akayamba kudandaula kuti mtundu wakutiwakuti suoneka m'masewero awo, iwo amatenga munthu mmodzi wa mtunduwo namuika pakati pa ena, kuti wodandaula asowe chonena. Munthuyo amaoneka ndithu, koma alibe mudzi, alibe abale, ndipo ngakhale atachotsedwa nkhani ingayende chimodzimodzi. Mchitidwe wotere ndiwo chiphamaso.

Ku America, m'chaka cha 1966, kunayamba sewero lotchuka la Star Trek. M'seweroli munali mayi wachikuda, Nichelle Nichols, amene anatenga mbali ya Uhura, woyang'anira mauthenga m'chombo cha m'mlengalenga. Chitatha chaka chimodzi, mayiyu anafuna kusiya, koma Martin Luther King anamulimbikitsa kuti akhalebe, popeza ana achikuda anali kuona koyamba munthu wonga iwo ali pa udindo wolemekezeka. Apa mpoonekeratu kuti munthu mmodzi angathe kutsegulira anzake khomo. Komabe akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodzi sangaimire mtundu wonse, ndi nzeru zake, zofooka zake ndi nthabwala zake zomwe.

Kuno ku Malawi nkhaniyi yagona pa chilankhulo ndi dera kuposa pa khungu. M'chaka cha 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC. Chinabwereranso mu 1994, ndipo mu 1996 wailesiyo inayamba kuulutsa nkhani m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chisena. Chimenechi chinali chinthu chabwino. Koma zilankhulozi zinapatsidwa mphindi zowerengeka patsiku, kawirikawiri zongomasulira nkhani zolembedwa kale m'chilankhulo china. Wailesi ya kanema ya dziko lino itatsegulidwa mu 1999, Chingerezi ndi Chichewa ndizo zinatenga malo aakulu.

Boma la Neno lipereka chitsanzo cha mtundu wina. Neno anapatuka ku Mwanza nakhala boma pa yekha mu 2003. Anthu ake amalankhula Chichewa, kotero vuto la chilankhulo alibe. Vuto lawo ndi maonekedwe. Dzina la Neno lakhala likumveka kawirikawiri pa nkhani za msewu wovuta wopita ku boma, umene kwa zaka zambiri unasautsa odwala ndi amalonda, kapena pamene mlendo wolemekezeka wabwera ndi mphatso. Zikatero, kamera imajambula amayi ovina ndi ana oomba m'manja, kenaka nkutembenukira kwa mlendo kuti ndiye alankhule. Eni mudzi asanduka chokometsera chithunzi.

Chodabwitsa n'chakuti magetsi ambiri amene amayatsa mawailesi a kanema m'mizinda amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula ndi ku Tedzani, m'dera lomwelo. Makina oyamba a ku Nkula anayamba kugwira ntchito mu 1966. Neno alinso ndi alimi a mbatatesi ndi manachesi, amalonda a pa Zalewa, Angoni a kumapiri ndi ingoma yawo, ndiponso azaumoyo a m'midzi amene akhala akugwira ntchito ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo kuyambira mu 2007. Aliyense wa anthu amenewa ali ndi nkhani yokwanira sewero lathunthu.

Kodi chiphamaso chingazindikirike bwanji? Mphunzitsi angathe kupatsa ophunzira ake mafunso atatu oti azidzifunsa poonera sewero. Choyamba, kodi munthu wakumudzi, kapena wa mtundu wochepa, kapena wachialubino, ali ndi dzina ndi zofuna zakezake? Chachiwiri, kodi amalankhula zomveka, kapena waikidwamo kuti anthu aseke katchulidwe kake ka mawu? Chachitatu, kodi analemba seweroli ndani, ndipo anagwira kamera ndani?

Funso lachitatuli ndilo gwero la onsewo, pakuti wolemba amalemba zimene akuzidziwa. Masiku ano foni ya m'manja imajambula kanema, ndipo wachinyamata amene watsiriza sukulu ku Lisungwi kapena kwa Dambe safunikanso kudikira kuti wina achokere ku Blantyre kudzamujambula. Ayambe ndi nkhani za kwawo, m'kalankhulidwe ka kwawo, ndipo mbali yaikulu aipereke kwa eni nkhaniwo.