Ku Japan chikwama chimatsogola, mwiniwake pambuyo

Mlendo amene wafika koyamba pasiteshoni ya sitima ya Tokyo m'dziko la Japan amadziwika ndi katundu. Pomwe eni dziko akudutsa mothamanga ndi kachikwama kamodzi paphewa, iye amakhala akulimbana ndi chisutikesi pamasitepe, thukuta lili kamukamu.

Sikuti Ajapani sanyamula katundu akakhala paulendo ayi. Ambiri katundu wawo amakhala atanyamuka kale dzulo lake pagalimoto, ndipo akamafika kuhotela amakamupeza akuwadikira.

Ntchito yotumiza katunduyi anthu amangoitchula kuti takkyubin, dzina lomwe kampani ya Yamato Transport idaipatsa poiyambitsa mu 1976. Pa tsiku loyamba kampaniyi idanyamula mapaselo 11 okha. Lero magalimoto ake, omwe amadziwika ndi chithunzi cha mphaka wakuda atanyamula mwana wake kukamwa, ali paliponse m'dzikomo. Ikupikisana ndi Sagawa Express komanso positi ofesi ya dzikolo.

Chimene chimachititsa wapaulendo kusiyana ndi chikwama chake ndi sitimayo. Shinkansen, sitima yaliwiro yomwe idayamba kuyenda pakati pa Tokyo ndi Osaka mu 1964, idapangidwira anthu, osati mitolo. Imafika liwiro la makilomita 285 pa ola, ndipo pamasiteshoni a m'njira imangoima mphindi imodzi kapena ziwiri. Wamasutikesi awiri ndi mwana kudzanja nthawi imeneyi siyingamukwane.

Kuonjezera apo, kuyambira mu May 2020 panjanjiyi pali lamulo. Chikwama chomwe kutalika, kufupika ndi kukhuthala kwake zikaphatikizidwa zikuposa masentimita 160 chimafuna kuti mwiniwake asungitsiretu mpando wokhala ndi malo a katundu wamkulu. Wokwera osasungitsa amalipitsidwa 1,000 yen. Chikwama choposa masentimita 250 sichiloledwa n'komwe.

Katumizidwe kake nkosavuta. Mahotela ambiri amalandira katundu pomwe pamafikira alendo paja, ndipo ogwira ntchito amathandiza kulemba fomu, zomwe zimapepuza amene sadziwa zilembo za Chijapani. Masitolo a 7-Eleven ndi FamilyMart nawo amalandira, chimodzimodzinso makauntala a pabwalo la ndege la Narita ndi Haneda. Pafomupo pamalembedwa adiresi ndi nambala ya foni ya hotela yomwe mukupita, tsiku lomwe mukafike, ndi dzina lenileni lomwe mudasungitsira chipinda. Apa mpofunika kusamala: hotela ikalandira chikwama cha dzina lomwe mulibe m'mabuku ake ikhoza kuchikana. Nyumba zobwereka zomwe zilibe munthu wolandira alendo nazo ndi vuto, chifukwa dalaivala akafika sapeza womupatsira.

Mtengo umatengera kukula kwa chikwama ndi mtunda. Sutikesi wamba kuchoka ku Tokyo kupita ku Kyoto amadya pakati pa 2,000 ndi 4,000 yen. Yamato imalandira chikwama chosaposa makilogalamu 30.

Koma mtengo weniweni ndi nthawi. Sitima imafika ku Kyoto m'maola awiri ndi mphindi zochepa, pomwe chikwama chimafika mawa lake, ndipo kumadera akutali monga Hokkaido chimatenga masiku awiri kapena kuposerapo. Choncho mankhwala, tchaja ya foni ndi zovala zosinthira ziyenera kutsala m'kachikwama ka m'manja. Ndalama ndi pasipoti siziloledwa kutumizidwa, ndipo kunena zoona palibe wanzeru amene angasiyane nazo m'dziko la eni.

Amene akufuna kupatuka panjira ndiye amapindula kwambiri, poti angathe kusankha tsiku lomwe katundu akaperekedwe, mpaka pafupifupi sabata kutsogolo. Munthu akhoza kukagona masiku awiri kumapiri a Hakone, chikwama chili m'manja mwa kampani, n'kukakumana nacho ku Kyoto.

Tsiku lobwerera kumudzi ndiye losachita nalo chibwana. Chikwama chopita kubwalo la ndege chimayenera kuperekedwa kukadali masiku awiri ndege isananyamuke, kumadera ena atatu. Wochipereka usiku woti mawa akukwera ndege adzabwezedwa nacho, ndipo adzachikoka yekha mpaka ku Narita.