Mpikisano wa darts wa oitanidwa okha: amasankha bwanji, nanga wa ku Africa angalowere khomo liti?

Chaka chilichonse, kuyambira Febuluwale mpaka Meyi, anthu zikwizikwi ku Ulaya amadzaza maholo usiku wa Lachinayi kukaonera akatswiri 8 akuponya timivi pa bolodi lozungulira. Mpikisanowu umatchedwa Premier League Darts. Unayamba mu 2005 ndipo umayendetsedwa ndi bungwe la ku England la Professional Darts Corporation, mwachidule PDC. Mnyamata wa ku Mandimba, Ngauma kapena Cuamba amene ali ndi dzanja lolunjika akhoza kufunsa kuti dzina amakalembetsa kuti. Yankho nlakuti kulibe kolembetsa. Munthu amachita kuitanidwa.

Tiyambe ndi masewerawo. Bolodi amalipachika moti pakati pake pamakhala mita 1.73 kuchokera pansi, ndipo woponya amaima pa mtunda wa mamita 2.37. Aliyense amayamba ndi mapointi 501, naponya timivi titatu ulendo uliwonse, nkumachotsera zimene wapeza kufikira atatsala opanda kanthu. Bolodilo lagawidwa m'zigawo 20. Kamzere kopyapyala ka kunja kamachulukitsa nambala kawiri, ka m'kati kamachulukitsa katatu. Choncho timivi titatu tikalowa m'kamzere ka m'kati pa nambala 20, munthu wapeza 180, ndipo palibe kuposa apo pa ulendo umodzi. Lamulo lovuta lili kumapeto: kamuvi komaliza kayenera kulowa m'kamzere ka kunja kaja kapena pakatikati penipeni. Akatswiri ambiri amagwera pamenepa.

Tsono kasankhidwe kake nkotere. PDC imasunga mndandanda wa osewera motengera ndalama zimene aliyense wapata m'mipikisano ya zaka ziwiri zapitazo. Anayi amene ali pamwamba amalowa mu Premier League mosafunsa. Anayi enawo amasankhidwa ndi akuluakulu a mpikisano, ndipo apa sayang'ana luso lokha. Amaonanso ngati munthuyo amakoka anthu, chifukwa ndalama zimachokera ku matikiti ndi kwa a kanema. Nchifukwa chake chaka ndi chaka pamakhala madandaulo kuti wina amene ali pamwamba pa mndandanda wasiyidwa, pomwe mnzake wapansi waitanidwa.

Chitsanzo chodziwika ndi Luke Littler wa ku England. Mu Januwale 2024, ali ndi zaka 16, anafika mu ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse ndipo anagonja kwa Luke Humphries. Pa mndandanda anali kutali ndi anayi apamwamba, koma anamuitana. Ena anati mwanayo wafulumira. Mu Meyi chaka chomwecho, mu holo ya O2 ku London, Littler anagonjetsa Humphries yemweyo, natenga mapaundi 275,000, omwe ndi mameticais oposa 20 miliyoni. M'masewera omalizawo anatsiriza 501 ndi timivi 9 tokha. Palibe njira yachidule kuposa imeneyo.

Oitanidwawo amasewera masabata 16, sabata iliyonse mzinda wina. Wopambana usiku umenewo amapeza mapointi 5, wachiwiri 3, ogonja m'ndime yachibwereza 2. Anayi amene asonkhanitsa ambiri ndiwo amakakumana ku London. Koma ndalama za mpikisanowu siziwerengedwa pa mndandanda uja. Kuitanidwa chaka chino sikutsimikizira munthu malo a chaka chamawa.

Nanga ife a ku Africa tili pati? Mipikisano yamtunduwu inafikapo kuno kummwera. Kuyambira 2007 mpaka 2009, PDC inkachititsa South African Masters ku Johannesburg, komwe akatswiri oitanidwa ankakumana ndi osewera a m'dzikomo amene anayamba apambana kwawo. Zaka zitatu zonsezo anapambana ndi Phil Taylor wa ku England. Kenako mu 2020, Devon Petersen wa ku Cape Town anatenga chikho cha German Darts Championship, nakhala munthu woyamba wa ku Africa kupambana mpikisano wa PDC wowerengedwa pa mndandanda.

Nkhani imene ikutiyandikira kwambiri ife alimi ndi ya David Munyua wa ku Kenya, yemwe ntchito yake ndi udokotala wa ziweto. Iye sanaitanidwe ndi aliyense. Anapambana mpikisano wa chipulula wa osewera a ku Africa, napeza malo ku mpikisano wa dziko lonse ku Alexandra Palace mu London. Mu Disembala 2025 anakumana ndi Mike De Decker wa ku Belgium. Anayamba watsalira 2-0, koma anatsiriza atapambana 3-2. Anagonja m'ndime yotsatira, komabe anabwerera kwawo ndi mapaundi 25,000.

Palinso chinthu china chimene alimi ayenera kudziwa. Bolodi limene akatswiriwa amalasa si lathabwa. Amalipanga ndi ulusi wa khonje wothinikizidwa zolimba, moti kamuvi akakazula bowo limatsekeka lokha. Kampani ya Winmau, imene mabolodi ake amagwiritsidwa ntchito ndi PDC, imawapangira ku Kenya ndi khonje wa kummawa kwa Africa. Khonje yemweyo amalimidwanso kuno ku Mozambique, m'chigawo choyandikana nafe cha Nampula.

Kwa wachinyamata wofuna kuyesa, darts safuna bwalo, nsapato kapena anzake khumi. Chipupa, bolodi, timivi titatu ndi chingwe choyezera mtunda nzokwanira. Yezani mtunda molondola, lembani mapointi anu tsiku lililonse, ndipo phunzirani kuwerengera pamtima, pakuti wosadziwa kuchotsera satha kumaliza 501. Chenjeraninso ndi kubetcha, chifukwa ndalama ya fodya, soya kapena nandolo imabwera kamodzi pachaka.

Kalata yoitanira munthu ku Premier League siifika pa chipata cha Mandimba ndi Chiponde. Imapita kwa amene aonekera kale pa mipikisano yotseguka kwa aliyense. Petersen ndi Munyua analowera khomo limenelo, ndipo mpikisano wa chipulula wa ku Africa umachitika chaka chilichonse.