Kusankha bwato loyenda ponseponse

Kwa Maganga ku Salima, mnyamata amayamba kupalasa ndi bwato lobwereka, kufupi ndi gombe. Pakapita zaka zingapo amakhala atadziwa kugwira nkhafi ndi kuponya matchera, ndipo amalakalaka bwato lakelake. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ena amagula kabwato kakang'ono chifukwa chotsika mtengo, ena amathamangira chibwato chachikulu chomwe sangachikwanitse. Ambiri a ife tili ndi abale kunyanja omwe amatipempha thandizo pogula bwato, choncho ndi bwino kudziwa zoyenera kuyang'ana.

Choyamba, ganizirani madzi amene bwatolo lidzayendemo. Nyanja ya kwa Maganga si yofanana ponse. Kumathiriro kwa mtsinje wa Linthipe madzi ndi osaya, amatope ndiponso a mabango. Mukalowa mkati cha ku zilumba za Maleri, madzi ndi akuya ndipo mafunde amakula msanga. Msodzi amene sanasankhe usodzi wamtundu umodzi amafika konseku, lero mbedza, mawa matchera. Iye amafunika bwato lapakatikati.

Utali ndi m'lifupi zimayendera limodzi. Bwato lalitali ndi lopyapyala limathamanga ndipo limalunjika bwino, koma limavuta kukhotetsa, komanso limapendama msanga mukamakoka ukonde. Lalifupi limatembenuka mosavuta m'mabango, koma pamafunde limangovinavina ndipo limatopetsa pa ulendo wautali. Lotakata kwambiri limakhazikika, koma limalemera popalasa. Bwato labwino kwa msodzi wapakati ndi lomwe munthu mmodzi angalipalase yekha, koma lotha kunyamula anthu awiri, ukonde wonyowa ndi nsomba. Kumbukirani kuti ukonde umalemera kwambiri pobwerera kusiyana ndi popita.

Yang'ananinso milomo yake. Mabwato a pa nyanja ya Malawi amasemedwa ndi milomo yopindikira mkati, kukamwa kwake n'kukhala kopapatiza. Izi zimachepetsa madzi olowa mafunde akamamenya m'mbali. Bwato loyasama kwambiri lingakhale labwino pamtsinje, koma pakati pa nyanja mudzatha nthawi mukukapa madzi.

Mtengo umene anasemera bwatolo ndiwo umanena zaka zimene lidzakhale. Mbawa ndi mlombwa ndi mitengo yolimba, koma ikuluikulu yasowa, ndipo malamulo a zankhalango salola kuidula popanda chilolezo. Masiku ano osema ambiri amagwiritsa ntchito mitengo yofewa monga msangu ndi mango. Mabwato otere ndi otsika mtengo, koma amamwa madzi ndipo sachedwa kuwola. Funsani wosema kuti ndi mtengo wanji, ndipo ngati simuidziwa bwino mitengo, pitani ndi msodzi wachikulire.

Bwato logwiritsidwa kale ntchito lifunika diso lakuthwa. Livundikireni, muone pansi pake, chifukwa ndi pamene pamatha ndi mchenga polikoka. Gogodani ndi nkhafi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo: mtengo wabwino umalira momveka, wowola umangoti phu. Zigamba za malata kapena zapulasitiki zomatidwa ndi phula n'zachizolowezi, koma onani komwe zili. Chigamba cha pamlomo sichiopsa kwenikweni. Mng'alu wautali wotsatira msana wa bwato ndiwo woopsa, chifukwa umakula funde lililonse likamenya.

Musalipire bwato lili pamchenga. Liyikeni m'madzi, mukweremo ndi katundu wofanana ndi amene mudzanyamule. Onani ngati likukhala chowongoka kapena likupendekera mbali imodzi. Palasani pang'ono, mulikhotetse uku ndi uku, kenako dikirani muone kuchuluka kwa madzi olowa. Wogulitsa wokana kuti muliyese ali ndi chimene akubisa.

Nanga boti lamatabwa? Limanyamula zambiri ndipo mungaikepo injini, n'chifukwa chake a chilimira amalikonda popha usipa ndi utaka. Koma limafuna gulu la alovi, mafuta ndi ndalama zokonzetsera. Kwa munthu amene akudziimira payekha koyamba, ngongole yake ingamumize nsomba zisanayambe kubweza.

Pomaliza, palibe bwato loposa mwera. Mphepo yochokera kumwerayi imalimba m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira May mpaka August, ndipo yamiza asodzi odziwa ntchito. Mverani machenjezo a nthambi yoona zanyengo pa wailesi, khalani ndi chokapira madzi ndi nkhafi yapadera, ndipo pa ndalama zogulira bwato patulanipo za jekete yoyandamitsa munthu m'madzi. Kalembetseninso zida zanu kudzera ku komiti ya pagombe, ija ya BVC. Bwato loyenera ndi lomwe likufanana ndi luso lanu la lero, n'kukusiyirani mpata woti muphunzire zambiri.