IE 900 kapena SE846: liweruze ndi khutu lanu

Lero tikambe za timahedifoni tolowetsa m'khutu, tomwe amati IEM, makamaka todula tija. Ine ndimagwira ntchito ya makompyuta kuno ku Manchester, ndipo ndikaweruka pa phokoso la maseva, nyimbo ndiye mpumulo wanga.

Ndayerekeza mitundu iwiri. Sennheiser IE 900, yomwe inatuluka mu 2021, ili ndi kasipika kamodzi ka mamilimita 7 mbali iliyonse. Besi yake imatsika pansi kwambiri, koma mawu akumwamba ndi akuthwa. Shure SE846, ya 2013, ili ndi timasipika tinayi totchedwa balanced armature, komanso timasefa tosintha tomwe timachepetsa kapena kuwonjezera kuthwako.

Nditaika reggae ya Black Missionaries, IE 900 inandikoma mphindi zoyamba, koma patatha ola makutu anatopa. SE846 ndinakhala nayo mpaka usiku. Mnzanga wakuntchito anasankha mosiyana, ndipo sanalakwitse. Njira ya m'khutu imasiyana kutalika ndi kukula kwake munthu ndi munthu, ndiye mawu omwewo safika mofanana. Komanso tikamakula, mawu akumwamba timayamba kuwamva pang'ono.

Ndiye musanathyole ndalama ya lendi, yambani mwasintha timphira takunsonga. Tikapanda kutseka bwino khutu, besi imathawa, n'kumaganiza kuti mwagula chinyengo. Kenako yesani ndi nyimbo yomwe mumaidziwa bwino, voliyumu ili pansi. Paja makutu alibe sipeya.