Kodi membala wamba angakhale nawo pamsonkhano wa bodi ya SACCO?

Munthu akagula masheya mu SACCO, kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama, amasanduka mmodzi wa eni ake a bungwelo. Makopaletivi a lero amalondola chiyambi chawo kwa anthu 28 a ku Rochdale, ku England, amene anatsegula sitolo yawo mu 1844, ndipo mu 1995 bungwe la International Co-operative Alliance, pamsonkhano wake wa ku Manchester, linatsindikanso kuti kopaletivi imalamulidwa ndi mamembala, aliyense voti imodzi, kaya masheya ake ndi ochuluka kaya ndi ochepa. Ma SACCO a m'Malawi muno, amene ambiri ali m'bungwe la MUSCCO lomwe linakhazikitsidwa mu 1980, amayendera mfundo yomweyi. Komabe tsiku loti bodi ikumane likafika, mwini wake uja kawirikawiri amathera pakhomo. Ine ndikuona kuti khomolo liyenera kutsegulidwa, kupatula pa nkhani zowerengeka.

Kumsonkhano waukulu wa pachaka membala aliyense ali ndi ufulu wolowa, wofunsa ndi wovota. Msonkhano wa bodi ndi wina. Umembala pawokha sukupatsa munthu mpando kumeneko, ndipo malamulo a bungwe akapanda kunenapo kanthu, bodiyo ndiyo imasankha woti alowe. Vuto lake n'lakuti msonkhano waukulu umabwera kamodzi pachaka, zinthu zitachitika kale. Kukweza chiwongoladzanja, kugula galimoto kapena nyumba, kufufuta ngongole zokanika, kuonjezera maalawansi a akuluakulu a bodi eni ake, zonsezi zimakambidwa miyezi ya pakatiyi. Membala amadzangomva chigamulo chowerengedwa mwachangu m'lipoti, osadziwa kuti anatsutsa ndani, ndi njira iti ina imene inakanidwa. Mwini munda akalemba aganyu salanda khasu, koma palibe angamuletse kuima m'malire n'kuona momwe mizere ikuyendera.

Otsutsa ali ndi mfundo yolimba, yomwe ndi chinsinsi. Bodi imakamba za mphunzitsi amene walephera kubweza ngongole, za kalaliki amene akuganiziridwa kuti wasokoneza ndalama, za mlandu umene uli kukhoti. M'dera limene aliyense amadziwana ndi mnzake, nkhani yotere ikatuluka imafika pamsika dzuwa lisanalowe, ndipo munthu amene ngongole yake yaululidwa sadzakhulupiriranso bungwelo. Izi n'zoona, koma zikungotanthauza kuti msonkhano ugawidwe pawiri. Nkhani zokhudza munthu wotchulidwa dzina zikambidwe oonerera atatuluka, mlembi alembe m'maminitsi chifukwa chimene atulutsidwira, ndipo chigamulo chilengezedwe popanda mayina. Chimene sichiyenera kubisala kuseri kwa chinsinsi ndi ndalama zimene a bodi amadzipatsa okha, pakuti pamenepo wobisayo ndi yemwe akupindula.

Ena amati a bodi sangalankhule momasuka maso a anthu ali pa iwo, kapena kuti msonkhano udzasanduka bwalo la madandaulo. Za phokoso n'zosavuta. Woonerera salankhula, savota, amalembetsa dzina nthawi isanakwane, ndipo wapampando angathe kupereka mphindi zochepa za mafunso kumapeto. Aphungu ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe amakambirana anthu akumvetsera, ntchito n'kumayenda. Mantha enieni ndi akuti zigamulo zenizeni zidzasamukira pa WhatsApp, msonkhanowo n'kungokhala wodindapo chabe. Zimenezi zingachitikedi, koma mkulu wa bodi amene wavomereza chinthu kumbali ayenerabe kudzakweza dzanja pamaso pa amene anamusankha, ndipo nkhani yaikulu ikadutsa popanda wofunsa ngakhale mmodzi, oonerera amazindikira kuti yaphikidwa kale.

Nanga si pali komiti yowunika, owerengera mabuku a ndalama, ndiponso Reserve Bank of Malawi imene imayang'anira ma SACCO kudzera m'lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011? Alipo, ndipo ngofunika. Koma iwo amaona makamaka ngati malamulo atsatidwa ndiponso ngati ndalama zili zotetezeka. Funso loti kugula galimoto kunali kwanzeru kuposa kutsitsa chiwongoladzanja ndi la mamembala. Ndiponso membala amene wakhala akumvetsera misonkhano amaphunzira kuwerenga bajeti, ndipo chisankho chikafika mabungwe sasowa anthu atsopano odziwa ntchito oti apikisane ndi nkhope zakale.

Amene akufuna kusinthaku asalimbane ndi mlonda pakhomo. Alembe pempho losintha malamulo a bungwe, alipereke kwa mlembi nthawi ilipo, kuti likavoteredwe kumsonkhano waukulu. M'pempholo muonjezedwe kuti tsiku la msonkhano wa bodi ndi mitu ya zokambirana zizikhomedwa paofesi, ndi kuti maminitsi a gawo lotseguka aziwerengedwa ndi membala aliyense wofuna, chifukwa mlimi wokhala kutali sangalipire minibasi mwezi ndi mwezi.